Makina Anati Wabodza Ndine

1

Ngati munkamvera wailesi chaka chatha, dzina langa munalimva, ndipo mwina munalitafunako podikira minibasi zathu zija za jipini. Ndine Evangelina Pasumbal, mphunzitsi wa sitandade 3 ku Lipa, amene aliyense amangoti Vangie. Ndine mayi uja anapita ku Manila kukaneneza jaji, makina ogwira bodza n'kumutsutsa dziko lonse likumva. Ambiri a inu mlandu wanga munauweruza kalekale. Palibe kanthu. Imvaniko ndi mbali yanga, chifukwa makina aja sanandilole kunena zoposa inde kapena ayi.

Zinayamba Lamlungu masana titachoka ku Misa. Ndinkakazinga nsomba pamene mwana wanga Kristel analowa m'khichini akuvina, foni ili m'mwamba. Kristel ndi mmodzi yekhayo amene ndili naye. Bambo ake anakwera sitima ya pamadzi iye akuyamwa, ndipo sitimayo mpaka lero sinakocheze kwathu. Kristel anali ndi zaka makumi awiri, akuphunzira kuti adzakhale loya.

"Nay! Siyani kaye nsombazo! A Ninong Loy andiimbira okha!"

Nay ndi mmene kwathu timaitanira mayi. Jaji Crisologo Dimalibot, a Loy amenewo, ndi amene anandinyamula pa ubatizo, n'chifukwa chake kwathu tonse timati a Ninong. Kale, ali loya wachinyamata, anatulutsa bambo anga m'ndende pa mlandu wa malo. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munali Mulungu, kenako a Ninong, ndipo masiku ena sizinkadziwika kuti woyamba ndani.

"Akuti dzina lawo lili pa anthu amene akuganiziridwa ku khothi la apilo," Kristel anapitiriza. "Akangowasankha, anditenga ndizikagwira mu ofesi mwawo ku Manila. Mu ofesi mwawo mwenimweni, Nay! Za kogona akuti ndisade nkhawa, nyumba yawo ndi yaikulu."

"Supitako," ndinatero.

Anaseka, kuyesa ndikucheza. "Nsanje imeneyo, Nay. Inunso munagwirako kwa iwo muli mtsikana, si choncho? Lola, mayi anu omwe, amanena."

"Ndati supitako."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndanena ine."

"Aaa, zimenezo muzikawauza ana anu a sitandade 3. Anzanga akuchita kugwada kufuna malo ngati amenewa, ine andiitana okha, inu mukuti chifukwa mwanena inu?"

Nsomba zinapserera, ndipo palibe amene anadya.

2

Ndinamuuza mawa lake, titakhala pakhonde. Ndinali ndisanauzepo mwamuna wanga, mnzanga kapena wansembe.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. A Ninong, ali jaji wa khothi laling'ono la kwathu, ananditenga pa tchuthi kuti ndizisanja mafailo. Tsiku la chikondwerero cha woyera wa tauni yathu, anthu onse a mu ofesi atatuluka kukaona ulendo wa chifanizo, iwo anandiitana m'chipinda chawo. Zimene zinachitika mmenemo sindizilemba. Amene zinakuchitikiranipo mukuzidziwa, enanu simukufunika kuzidziwa. Ndinatuluka malipenga akulira mumsewu, ana akuthamangira maswiti, ndipo za uloya zimene ndinkalota sindinazifunenso.

Kristel anamvetsera osandidula. Ndinkayembekezera kuti andikumbatira. Iye anangosuntha mpando wake pang'ono.

"Ndiye Khirisimasi iliyonse munkanditengeranji kwawo? Munkandikankha kumsana, 'Pita ukachite mano kwa a Ninong, ukagunditse dzanja lawo pachipumi.' Inunso munkatenga dzanja lomwelo n'kuligunditsa pachipumi panu. Ndinkakuonani ndi maso angawa, Nay."

Sankanama. Dzanja limenelo ndinaligunditsa pachipumi panga chaka ndi chaka, ndikumwetulira, n'kukasanza ndikafika kunyumba.

"Ukanafuna nditani? Ukuwadziwa Lola ako."

"Zaka zonsezi muli zii. Lero ine ndapeza mwayi ndiye mwakumbukira?"

Mawu amenewo anandilasa kuposa onse amene ndinadzawamva pambuyo pake, ndipo ndinamva ambiri. Ndinazindikira kuti pakamwa panga pokha sipangamutseke mwanayu njira. Koma komiti yosankha majaji inali italengeza kuti aliyense wodziwa choipa cha anthu amene akuganiziridwawo abwere anene. Ndinawerengera chonchi: akapanda kuwasankha, ofesi ya ku Manila kulibe, ndipo dziko likandikhulupirira, mwana wanganso andikhulupirira.

Ndinapita kwa Perla Magsino, mnzanga wa ku sekondale amene anakhala loya, mayi wosuta ngati fakitale ndiponso wosadziwa kukometsa mawu.

"Vangie, ukudziwa kuti akusenda ngati nthochi?"

"Ndikudziwa."

"Mboni uli nayo?"

"Ndilibe."

"Nthawi imeneyo unauzako munthu?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. "Palibe amene angavomere kundiimira."

Perla anazimitsa ndudu yake m'kapu ya khofi. "Chabwino. Tiye tikafe limodzi."

3

Dandaulo langa tinakalipereka ku Manila. Tsiku limene komiti inafunsa a Ninong, kanema anaonetsa zonse. Anavala malaya a barong oyera mbuu, akazi awo atakhala kumbuyo ndi korona m'manja. Ndinkaganiza kuti akana. Munthu uja ndi wochenjera kuposa pamenepo.

"Ndinachimwa," anatero, mawu akunjenjemera bwinobwino ngati anachita kuyeserera pagalasi. "Ndinachimwira Mulungu ndi mkazi wanga, ndipo onse awiri anandikhululukira kalekale. Koma sindinakakamizepo munthu. Tinali akuluakulu awiri ofooka."

Akuluakulu awiri! Munthu amene anandigwira mutu wansembe akundithira madzi.

Pasanathe sabata, loya wawo analengeza kuti a jaji anadzipereka okha kukayezedwa pa makina ogwira bodza ku kampani ina ya zofufuzafufuza. Anawafunsa kuti, "Kodi munamukakamiza?" Iwo anati ayi, ndipo makina sanagwedezeke n'komwe. "Mpando womwewo ukudikira mayi Pasumbal," loyayo anatero, "ngati ali ndi mtima woukhalira."

Lipa yense anasanduka khothi. Tsiku lina m'jipini ndinakhala moyang'anana ndi amayi awiri ochokera kumsika amene sanandizindikire.

"Makina sanama, mare mnzanga," anatero wonenepayo. "Alibe m'bale, alibe chipani, salandira kangachepe."

"Iii, sanama? Mwamuna wanga uja ungamulumikize ku magetsi a tauni yonse, adzakuuzabe kuti anali kokamenyanitsa atambala, mtima uli m'malo, chonsecho malaya akununkha mafuta a mkazi wina."

"Ameneyo ndi satana, si munthu. Koma mphunzitsiyu, zaka zonsezi anali kuti?"

"Anali komwe tonse timakhala, mare. Kukhichini."

Dalaivala naye anaponyamo lake. "Akakhale pampandopo basi, nkhani ithe. Tatopa nazo pa wailesi, nyimbo sakuikanso."

Perla anakana kwamtuwagalu. "Usayerekeze. Chinthu chimene chija sichiona bodza, Vangie. Chimayeza thukuta, kapumidwe ndi kugunda kwa mtima, basi. Munthu wamantha chimamupachika, wouma mtima chimamupatsa satifiketi. Jaji wakoyo akudziwa bwino. Iye mwini anakanapo umboni wa makina m'khothi mwake, ati ndi zoombeza. Lero zoombezazo zamukomera ndiye zasanduka sayansi."

Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza kumvera Perla. Ndinapeza Kristel akudya mpunga wozizira chilili. Masiku amenewo sankakhalanso nane patebulo.

"Anzanga kusukulu akundifunsa kuti mayi ako akuopa chani. Ndiziwayankha chani?"

"Perla akuti makinawo..."

"A Ninong sanafunse Perla. Ngati ndi zoona, Nay, kakhaleni pampandopo. Mukapambana, ine ku Manila sindipondako, ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Ndidzapita ndekha kukawalavulira kumaso."

Ndinaimbira Perla nthawi yomweyo. Anatukwana mawu amene sindingawalembe muno, kenako anati apita nane.

4

Ofesi ya kampaniyo inali pamwamba pa sitolo ya nsapato. Woyeza anali bambo Abrenica, wapolisi wopuma, tsitsi lopaka mankhwala lakuda bii ngati polishi. Maloya a mbali zonse anali atagwirizana mafunso, olembedwa m'Chingelezi monga amachitira maloya, ndipo Perla anawerenga lililonse kawirikawiri mpaka anakhutira. M'chipinda choyezera sanamulole kulowa.

Bambo Abrenica anali waulemu kwambiri. Anandimanga malamba awiri, pachifuwa ndi pamimba, chofufuma cha kuchipatala chija pamkono, ndi timawaya kuzala. Anandifunsa ngati ndadya. Kenako anati, "Mayi, kuti mukhale omasuka, ndikufunseni m'Chingelezi kapena m'Chitagalogi chathu?"

"M'chathu," ndinatero. Ndinkaona ngati akundichitira chifundo.

"Yang'anani khoma. Musagwedezeke. Yankho ndi inde kapena ayi, osawonjezera."

Anafunsa ngati dzina langa ndi Evangelina. Inde. Ngati ndimakhala ku Lipa. Inde. Ngati ndinalowa m'chipinda cha a jaji tsiku la chikondwerero. Inde. Mtima unkagunda, koma unali wanga, ndinkaugwira.

Funso lachinayi papepala linali loti, "Kodi munavomera?" Ndinali nditalikonzekera kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndikanaliyankha ngakhale atandidzutsa kutulo. Koma bambo uja sanalifunse choncho. Polisandutsa m'chinenero chathu anaikamo liwu lina, liwu limene sindinkayembekezera kulimva pakamwa pa mlendo. Ndikuuzani posachedwa, ndiloleni ndifike nalo bwinobwino.

Khoma linayamba kuyenda. Ndinamva fungo la mafailo akale ndi malipenga kutali. Thukuta linatsika m'khwapa mpaka m'chiuno, ndipo lamba wa pachifuwa uja anandithina ngati wina akumukoka kumbuyo.

"Inde kapena ayi, mayi?"

"Ayi."

Anabwereza mafunso onse katatu, monga mwa lamulo lawo, ndipo katatu konse pa funso lachinayi thupi langa linandipereka. Pomasula malamba, bambo Abrenica anandipatsa kapepala kopukutira kumaso n'kundifunira ulendo wabwino.

Perla anali pakhonde, ndudu ili pakamwa yosayatsa. Anangondiyang'ana kamodzi n'kuitaya.

5

Zotsatira zinafika ku wailesi ife tisanafike ku Lipa. Nyuzipepala ina inaika chithunzi changa pafupi ndi mizere ya makina aja, atazunguliza mofiira pamene inadumpha ngati mapiri. Anthu amene sadziwa kuwerenga lisiti la magetsi anasanduka akatswiri a mizere. Ahedi anandiitana n'kundipempha mwaulemu kuti ndipume kaye, makolo akudandaula. Pageti pathu wina analemba ndi makala liwu limene ana anga a sitandade 3 sanayenere kuliwerenga, koma analiwerenga.

Perla anamenya nkhondo, ndimuyamikire. Anabweretsa pa kanema pulofesa wina wa zamaganizo, amene anafotokoza kuti munthu akakumbutsidwa tsiku loopsa, thupi lake limachita chimodzimodzi ngati la munthu wonama, ndipo makina sangasiyanitse. Anatinso munthu amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti sanalakwe amadutsa mosavuta ngakhale atalakwa chotani. Loya wa a Ninong anangomwetulira.

"Akanapambana mayiwa, a pulofesa, mukanabwera kudzatiuza kuti makina ndi achabe?"

Anthu a mu situdiyo anawomba m'manja. Pulofesa uja anayamba kufotokoza za kafukufuku, koma nthawi inatha, anaika malonda a sopo.

Komiti inatulutsa chikalata chonena kuti siyiwerengera zotsatira za makina otere, chifukwa ndi zosadalirika. M'chikalata chomwecho inati dandaulo langa lilibe umboni, ndipo dzina la a Dimalibot lipitirire. Ndiye kuti makinawo sanawawerengere, anangowamvera. Mwezi usanathe a Ninong analumbiritsidwa, akazi awo atagwira Baibulo.

"Mmuja munachitika chani?" Perla anandifunsa. "Mafunso atatu unali bwino. Lachinayi ndinaliwerenga ndekha, linalibe msampha."

"Mantha basi."

"Vangie, pali chimene sunandiuze?"

"Palibe."

Ndikanamuuza kuti funso analisintha, akanagwetsa denga la kampani ija. Koma kuti ndimuuze, ndinayenera kutchula liwu lija, ndipo iye akanafunsa chifukwa chake linandigwetsa. Ndinasankha kukhala wabodza wa dziko lonse m'malo motchula kaliwu ka zilembo zitatu.

6

Ndinapeza Kristel akupinda zovala m'sutikesi, Loweruka m'mawa.

"Makina aja amalakwitsa, mwanawe. Unamumva pulofesa uja."

"Sindikupita chifukwa cha makina." Sanatembenuke. "Lola anandiuza zonse."

"Anakuuza chani?"

"Akuti tsiku lomwelo munabwera n'kuwafotokozera nokha. Akuti anakufunsani chimene munawayankha a Ninong, inu munati munayankha kuti opo." Apa anatembenuka, maso ali gwa. "Munati opo, Nay. Ndiye mwatichititsa manyazi dziko lonse chifukwa chani?"

Nali liwu lija, owerenga anga.

Opo ndi inde wa mwana kwa wamkulu. Timamuphunzira tisanadziwe kumanga nsapato, ndipo amene waiwala amamukumbutsa ndi patapata. Agogo akakutuma, opo. Wansembe akakudzudzula pa chinthu chimene sunachite, opo. Bwana akakuuza zopusa, opo, n'kukadandaula panja. Tonse timadziwa kuti opo satanthauza kuti ndafuna. Amatanthauza kuti ndamva, ndinu akulu, musandikwiyire.

Tsiku la chikondwerero lija a Ninong anati, "Tseka chitseko, Vangie." Ndinati opo. Anati, "Bwera kuno pafupi." Ndinati opo. Anati, "Sukundiopa, eti?" Ndinati opo, misozi ili kale m'masaya. Atamaliza anati, "Izi ndi za ife awiri." Ndinati opo. Liwu lina lolankhulira ndi munthu ameneyo ndinalibe. Palibe anandiphunzitsapo.

Ndipo bambo Abrenica anandifunsa kuti, "Kodi a jaji atakuitanani pafupi, munayankha kuti opo?"

Ndikanati inde, papepala la Chingelezi lija akanalemba kuti ndavomera kuti ndinavomera. Ndinati ayi, ndipo linali bodza. Ndikuvomera pamaso panu, pa funso limenelo ndinanama, ndipo makina anandigwira. Bodza langa lokhalo m'nkhani yonseyi linali limenelo.

Ndinayesa kumufotokozera Kristel zonsezi, koma mawu ankatuluka mopingasa, ndikulira, ndikubwereza. Iye anakhala pa sutikesi kuti itsekeke.

"Ine sindikudziwanso, Nay. Kwa komiti simunanene zimenezi. Kwa anti Perla simunanene. Kwa ine simunanene. Mukunena lero chifukwa Lola aulula."

Ndinatuluka osavala ndi nsapato zabwino zomwe, kulunjika kwa mayi anga.

7

Nanay Choleng, mayi anga, amakhala kuseri kwa tchalitchi, m'nyumba yomwe ndinabadwira. Ndinawapeza pabwalo akukulunga mpunga womata m'masamba a nthochi, wokagulitsa pa Misa ya mawa. Anatambasula dzanja kuti ndichite mano. Ndinalisiya lili m'malere mpaka analibweza okha.

"Wayamba mwano tsopano."

"Kristel mwamuuza chani?"

"Zoona. Mwana asataye tsogolo chifukwa cha misala ya mayi ake."

"Nanga bambo wa makina uja anamuuza ndani? A Ninong?"

Anapitiriza kumanga, zala zikuyenda zokha. "A Ninong ako sankakumbukira n'komwe. Ndinapita kwawo kukapepesa m'malo mwako, anandilandira bwino, anandipatsa ndi khofi. Anati, 'Kumare, mayi a mwana wanga wa ubatizo, ine za tsiku limene lija zinandichoka, sindikudziwa kuti mwanayu ananena chani.' Ndiye ndinawakumbutsa. Maloya awo anali pomwepo, analemba."

Sankakumbukira. Ine ndakhala ndi tsiku limenelo m'thupi moyo wanga wonse, ndadya nalo, ndakwatiwa nalo, ndabereka nalo, ndipo mwini wake linamuchoka ngati dzina la wogulitsa nyuzipepala.

Madzulo a chikondwerero chija ndinapeza mayi anga akutsuka mpunga, n'kuwauza zonse. Sanafunse ngati ndavulala. Anafunsa funso limodzi, "Iwe unati chani?" Nditayankha, anati, "Basi, tseka pakamwa, bambo ako asamve," n'kupitiriza kutsuka mpunga. Ndinkaganiza kuti anakhala chete chifukwa cha mantha, ndipo ndinali nditawakhululukira. Sindinkadziwa kuti liwu langa analisunga ngati mpeni wa m'thumba.

"Nay, ndinali mwana wanu."

"Unali wamkulu. Pakamwa unali napo."

"Pakamwa pake munapakonza ndinu! Ndani ankandimenya ndi patapata ndikayankha wamkulu popanda opo? Ndani?"

Apa anasiya masamba aja. Nkhope yawo inauma, ndipo mawu anatsika.

"Ukuyesa ndiwe woyamba? Bambo anga atandiuza kuti ndikwatiwe ndi bambo ako, munthu amene ndinamuona kamodzi, ndinati opo. Bambo ako akabwera ataledzera, ndinkati opo. Ndanena opo moyo wanga wonse, Evangelina, ndipo sindinapite pa kanema. Ukanena opo wanena, umasenza. Ukufuna undiuze lero kuti onse aja sanali inde? Ndiye kuti ine moyo wanga wonse anangonditenga ngati mbuzi?"

"Inde, Nay. Ndi zimene ndikukuuzani."

Anandimenya mbama ndi dzanja lonona mafuta a kokonati. Ndili ndi zaka zoposa makumi anayi, ndinaima pabwalo la mayi anga tsaya likuyaka, ndipo pakamwa panga panatsala pang'ono kupepesa. Ndinaluma lilime n'kutuluka. Sindinapondekonso.

8

Kristel ananyamuka Lolemba m'mawa. Anati ndisamuperekeze, koma ndinamutsatira mpaka kokwerera basi, nditanyamula chikwama chake chaching'ono chimene anandilola kugwira chifukwa anthu ankationa.

Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma kondakitala ankakuwa kale kuti Manila, Manila, malo atsala ochepa. Ndinamugwira mkono.

"Tamvera, mwanawe. Usandikhulupirire, palibe kanthu. Unene kuti ndine wamisala, wansanje, chilichonse. Koma akakuuza kuti utseke chitseko, uchisiye chotsegula. Anthu akatuluka mu ofesi, nawenso utuluke. Kunyumba kwawo usakagone, Perla wakupezera malo kwa mchemwali wake. Akakuitana pafupi, uime pomwe ulipo. Ngakhale akwiye, ngakhale akuchotse ntchito, ubwere kunyumba, ine ndidzakudyetsa. Wamva?"

Sankandiyang'ana. Maso ake anali pa mzere wa anthu okwera, kuopa kuti mpando wa pawindo autenga. Anachotsa mkono wake m'dzanja langa mofatsa, mwaulemu, monga ndinamulerera.

"Opo, Nay," anatero.

Anakwera, basi inanyamuka, ndipo sanasuzumire pawindo.

9

Amandiimbira Lamlungu lililonse. Amati ntchito ikuyenda, a Ninong ndi abwino, akuphunzira zambiri. Ndikamufunsa ngati zonse zili bwino, ngati akusamala, ngati akanandiuza pakanakhala vuto, amandiyankha ndi liwu lomwe lija. Ndimakhala ndi foni m'manja ataidula kale, ndikuyesa kumva ngati anali inde weniweni kapena winayo. Ine amene ndinamubereka sinditha kusiyanitsa. Ndiye mukufuna mundiuze kuti malamba awiri ndi timawaya tingathe?

Mukupitirizabe kutsutsana m'majipini ngati makina aja amanama kapena ayi. Ine ndinakhalapo pampandopo, ndikuuzeni. Sananame. A Ninong anati sanandikakamize, ndipo mumtima mwawo ndi mmene zilili, chifukwa munthu amene aliyense amamuyankha kuti opo kuyambira ali mnyamata sadziwa n'komwe kuti kukakamiza n'kutani. Ine ndinati sindinanene opo, ndipo ndinanena. Makina anagwira ntchito yawo bwinobwino, wolakwa n'kupita ku khothi la apilo, ine n'kutsala ndi makala pageti.

Ndinabwerera kusukulu chaka chino. Makolo amakonda kalasi langa chifukwa ana anga amadziwika ndi ulemu, ndipo kwa zaka zambiri ndinkanyadira zimenezo. Inu amene muli ndi ana aakazi kunyumba, ndikudziwa mmene mumasangalalira mlendo akati, "Koma mwanayu ndi waulemu." Nanenso ndinkasangalala. Madzulo ano muitaneni wanuyo, mumuuze chinthu chopanda nzeru, chinthu choti sangachifune, ndipo mumve chimene akuyankheni. Akakukanirani, musamumenye. Wanga ndinamulera bwino kwambiri, ndipo ali ku Manila.